Chipewa cha wilisoni: chuma chakale chogona m'masutikesi a ku Nguludi

Chiperoni chikakuta mapiri a m'boma la Chiradzulu m'miyezi ya Juni ndi Julayi, aliyense wolawirira kutchalitchi amafunafuna chofunda kumutu. Anyamata amakoka makapusi ndi zipewa zoluka za pakaunjika, amayi amamanga duku mpaka m'makutu. Koma pakati pa anthu olowera ku mishoni ya Nguludi kapena ku Providence Industrial Mission (PIM) pamapezekabe gogo mmodzimmodzi wa kavalidwe kakekake: jekete ya suti yotuwa m'zigongono, ndodo kudzanja, ndi chipewa chaubweya cha khonde lozungulira, chobonyoka bwino pamwamba, chomangidwa riboni yakuda. Ndicho chipewa cha wilisoni.

Gogoyo akafika pakhomo la tchalitchi amachivula modekha, n'kuchikhazika pabondo mpaka mapemphero atha. Akapeza masamba atayalidwa pamsewu, chizindikiro chakuti pamudzipo pagwa zovuta, amachivulanso n'kudutsa chili kumanja. Akalowa m'bwalo la amfumu, chimodzimodzi. Palibe womulamula. Amavula pamene mtima wake waona kuti pakufunika ulemu, ndipo akadutsapo amachibwezera kumutu.

Ufulu umenewu lero umaoneka ngati wamba. Koma m'dera lomweli, m'zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda, funso lakuti ndani avale chipewa ndi ndani avule linali limodzi mwa madandaulo amene anatukusira mpaka kuphulika mu 1915. N'chifukwa chake munthu wa ku Nguludi amene amakonda kuvala, kusunga ndi kukonza zipewa zakale ali ndi mwayi umene anzake a ku London kapena New York alibe: mbiri ya chinthu chimene amakondacho inachitikira pakhomo pake.

“Chotsa chipewa!”

John Chilembwe anapita ku America ndi mmishonale Joseph Booth mu 1897, n'kuphunzira zaubusa ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia. Atabwerako mu 1900 anakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, kufupi ndi Nguludi. Pamishonipo sankaphunzitsa Baibulo ndi kuwerenga kokha ayi. Ankafuna kuti munthu wakuda azioneka waulemu wake: waukhondo, wovala bwino, wodya za thukuta lake. Amayi ankaphunzira kusoka, ntchito imene Emma DeLaney, mmishonale wakuda wochokera ku America, anathandiza kuiyambitsa, ndipo Ida, mkazi wa Chilembwe, anaipitiriza. Zithunzi zimene zinatsala, zina mwa izo zojambulidwa ndi Mungo Murray Chisuse wa ku Blantyre Mission, zimaonetsa banjalo litatchena suti, madiresi aatali ndi nsapato.

Kavalidwe kotereka kankawanyansa azungu ambiri a m'maesiteti. Kwa iwo, munthu wakuda wovala jekete, nsapato ndi chipewa anali wodzikweza, wofuna kufanana ndi bwana. Panali mwambo, wokakamizidwa ngati lamulo, wakuti wakuda akakumana ndi mzungu avule chipewa, kaya akumudziwa kaya ayi, kaya mzunguyo ayankha kaya angodutsa. Wochedwa kuvula ankamva mfuu yakuti “Chotsa chipewa!” ndipo kwa ena mfuuyo inkatsagana ndi ndodo. Mphunzitsi, kalaliki kapena mbusa ankatha kunyozedwa chotero pamaso pa ana ake a sukulu.

Ku Magomero, pa esiteti ya A. L. Bruce ya maekala opitirira 160,000, manijala William Jervis Livingstone ankadziwika ndi nkhanza za thangata pa anthu okhala pamalopo, ambiri mwa iwo Alhomwe ochokera ku Mozambique, ndiponso ndi kutentha matchalitchi audzu amene akhristu a PIM ankamanga. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 otsatira Chilembwe anaukira, ndipo Livingstone ndi azungu ena awiri anaphedwa. M'mamawa wa pa 26 Januwale moto unafika pa Nguludi penipeni: gulu lina la oukirawo linatentha mishoni ya Akatolika imene ansembe a Montfort anatsegula mu 1903, ndipo Bambo Swelsen anavulazidwa kwambiri koma anapulumuka. Chilembwe anaphedwa pa 3 Febuluwale. Boma linagwetsa tchalitchi chake cha njerwa, linanyonga ndi kuombera otsatira ake makumi angapo, n'kutsekera ena mazana m'ndende.

Pambuyo pake boma linakhazikitsa bungwe lofufuza chimene chinabutsa kuukirako. Pakati pa opereka umboni panali Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha, abusa akuda oyamba a Blantyre Mission, komanso Joseph Bismarck, mlimi amene anali ndi malo akeake. Mboni zinatchula thangata, msonkho, malo ndi kumenyedwa kwa antchito. Koma nkhani ya chipewa inkangobwerabwera m'maumboniwo. Mbusa Alexander Hetherwick, mkulu wa Blantyre Mission, anauza bungwelo kuti anaona azungu ambiri akunyalanyaza moni wa anthu akuda, chonsecho ngakhale kamnyamata koimba ng'oma m'gulu la nkhondo la Britain kakachitira sawatcha mkulu wa asilikali Lord Kitchener kamayankhidwa. Mfundo yake inali yakuti mzungu akayankha, zimaonetsa kuti akumana ndi anthu aulemu awiri, osati mmodzi. Maumboni amenewa anasonkhanitsidwa ndi katswiri wa mbiri yakale John McCracken m'buku lotchedwa Voices from the Chilembwe Rising, limene linatuluka mu 2015.

Anthu a ku Chiradzulu sankakana ulemu. Kugwada, kuomba m'manja ndi kupatukira wamkulu panjira anali nazo kuyambira kale. Chimene chinkawawa chinali ulemu wa mbali imodzi, wochita kulanda, woperekedwa chifukwa cha khungu lokha.

Kuchokera ku Mbombwe kukaima pa Trafalgar Square

Pali chithunzi cha mu 1914 chimene chimaonetsa Chilembwe ataima panja pa tchalitchi chake chatsopano pamodzi ndi John Chorley, mmishonale wachizungu wa Zambezi Industrial Mission. Onse awiri avala zipewa. Wosadziwa mbiri angangoti ndi abusa awiri ojambulitsa. Wodziwa amaona munthu wakuda amene waima pambali pa mzungu chipewa chili kumutu, pamaso pa kamera, chaka chimodzi chisanakwane kuti magazi akhetsedwe.

Chithunzicho ndicho chinagwira mtima Samson Kambalu, mmisiri wa zaluso wobadwira ku Malawi mu 1975, amene amaphunzitsa pa yunivesite ya Oxford. Iye anachisandutsa chosema chotchedwa Antelope, dzina lokumbutsa chilombo cha kasiyamaliro cha gule wamkulu. Chosemacho chinavundukulidwa pa 28 Sepitembala 2022 pa nsanja yotchedwa Fourth Plinth pa Trafalgar Square, pakatikati pa London, ndipo chinaimapo mpaka 2024. Kambalu anasiya Chorley pa msinkhu wa munthu wamba, koma Chilembwe anamukulitsa pafupifupi kawiri. Kwa zaka ziwiri, anthu miyandamiyanda odutsa pamtima pa likulu la dziko limene linkalamula Nyasaland ankachita kukweza maso kuti aone mbusa wa ku Chiradzulu, chipewa chake chili chikhalire kumutu.

Ophunzira a pa Catholic University of Malawi, imene inatsegula zitseko zake pa Nguludi mu 2006, amagwira nkhope ya Chilembwe tsiku ndi tsiku pa ndalama ya K500 ndi K2,000 polipira kabaza kapena pogula chiwaya. PIM, imene Dr. Daniel Sharpe Malikebu anaitsegulanso mu 1926, ili pamtunda woti njinga yamoto n'kufikako m'kanthawi kochepa.

Katundu wa ku Joni ndi chipewa cha Kamuzu

Zipewa zambiri zaubweya zimene zili m'midzi lero sizinagulidwe kuno. Zinabwera m'masutikesi a amuna amene anapita kukagwira ntchito m'migodi ya ku Joni, m'mapulazi ndi m'mafakitale a ku Halale ndi Bulawayo, kapena ku migodi ya kopa ya ku Zambia. Bungwe la Witwatersrand Native Labour Association, limene aliyense ankangolitcha Wenela, linkalemba anthu ntchito m'dziko muno, ndipo dzina lake linakanirira pa depoti ya mabasi ya mu Blantyre mpaka lero. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi opitirira 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa.

Munthu wobwera ku Joni ankadziwikira patali. Bulangete lolemera, wailesi, wotchi, njinga yatsopano, suti, ndipo pamwamba pa zonsezo wilisoni. Chipewacho chinali umboni wakuti mwamunayu anatsika pansi pa nthaka, anapirira fumbi ndi kutentha, ndipo wabwerera kwawo osati chimanjamanja. Ngakhale matchona, amene anakhalitsa kunja mpaka abale kuwaiwala, akaganiza zobwerera kumudzi ankayesetsa kutsika basi atavala chipewa chooneka.

Ku Johannesburg amunawa anapeza anthu okonda kutchena kale. Ku Sophiatown m'zaka za m'ma 1950 mayina monga Stetson, Dobbs ndi Borsalino ankatchulidwa monyadira, ndipo m'mahositelo a antchito munabadwa mipikisano ya oswenka, amuna ogwira ntchito zolemetsa mkati mwa sabata amene Loweruka usiku ankapikisana pa suti, nsapato ndi chipewa. Kukonda zovala zabwino kwa munthu wosauka sikunali kupusa. Inali njira yonenera kuti iye si nambala chabe ya pa chiphaso cha kumgodi.

Ulendo wa ku Joni unadukiza mwadzidzidzi. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela yonyamula antchito obwerera kwawo inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi opitirira 70 anafa. Dr. Hastings Kamuzu Banda analetsa Wenela kulemba anthu ntchito. Ntchitoyo inayambiranso pang'ono mu 1977 pansi pa bungwe la TEBA, limene anthu ankalitcha Theba, n'kutheratu kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Choncho wilisoni wa ku Joni amene akali m'nyumba ya munthu lero ali ndi zaka zosachepera makumi atatu, ndipo ambiri apitirira theka la zaka zana.

Kamuzu mwiniwakeyo ndiye anachititsa kuti chipewachi chikhazikike m'maso mwa mtundu wonse. Kuyambira pomwe anatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958, atakhala kunja zaka zoposa makumi anayi, anthu ankamuona ndi suti ya zidutswa zitatu, magalasi akuda, litchowa kudzanja ndi chipewa cha mtundu wa homburg, chonga cha madokotala ndi akuluakulu a ku London komwe ankagwira ntchito. Anthu amasiyana maganizo pa ulamuliro wake, koma palibe amene angajambule Kamuzu m'maganizo popanda chipewacho. Pasanathe zaka makumi asanu chichokereni pa “Chotsa chipewa!”, munthu wakuda wovala chipewa ndiye ankaimiriridwa ndi azungu akamalowa.

Nsalu yopanda ulusi

Chimene chimachititsa kuti chipewa chotere chikhale zaka zonsezi ndi chopangira chake, chotchedwa felt. Si nsalu yoomba kapena yoluka, ndipo mulibe ulusi ngakhale umodzi. Ubweya wa nyama uli ndi timamba tosaoneka ndi maso. Ukanyowetsedwa ndi madzi otentha n'kumapsinjidwa ndi kugubuduzidwa, timambato timakolana, ubweyawo n'kufinyana mpaka kusanduka chinthu chimodzi cholimba. Mufakitale, ubweya umapemereredwa pa chitsulo chosongoka chokhala ndi timabowo, n'kutuluka chithumba chachikulu kuposa chipewa chenicheni kangapo. Chithumbacho chimafinyidwa m'madzi otentha mpaka kuchepa, chimanyikidwa mu utoto, chimalimbitsidwa ndi utomoni wa shellac, kenako chimakokedwa ndi nthunzi pa chikombole chamtengo chooneka ngati mutu. Pomaliza amachipala ndi sandipepa kuti chisalale, n'kusokerera chikopa cha m'kati, nsalu yoyalamo ndi riboni.

Pali magulu atatu. Cha ubweya wa nkhosa ndi chotchipa, chokhakhala pang'ono, ndipo chikavumbwa chimafinyana n'kupindika. Cha ubweya wa kalulu ndi chosalala, chopepuka, chopirira mvula. Chapamwamba kuposa zonse ndi cha ubweya wa beaver, kanyama ka m'mitsinje ya ku North America ndi Ulaya, kamene alenje anatsala pang'ono kukamaliza chifukwa cha msika wa zipewa. Ntchitoyi inkapweteketsanso anthu: kwa zaka zambiri ubweya unkakonzedwa ndi mankhwala a mercury, amene ankachititsa antchito kunjenjemera ndi kusokonezeka mutu, mpaka dziko la United States linaletsa mchitidwewu mu 1941.

Kuno ambiri sasiyanitsa. Chilichonse chaubweya chokhala ndi khonde amangoti wilisoni. Koma osunga zipewa amadziwa mitundu yake. Fedora ndi chofewa, chobonyoka pamwamba, chotsinidwa mbali ziwiri kutsogolo, ndipo dzina lake linachokera ku sewero la Victorien Sardou la mu 1882. Trilby ndi mng'ono wake wa khonde lalifupi. Homburg ndi cholimbirapo, cha mzere umodzi pamwamba ndi khonde lopindikira m'mwamba lopendedwa ndi riboni. Chinatchuka Edward VII wa ku Britain atabwera nacho kuchokera ku Bad Homburg ku Germany. Bowler ndi chozungulira, cholimba ngati chibade, chimene chinapangidwa koyamba mu 1849 poitanitsidwa kudzera m'sitolo ya Lock & Co. ya ku London.

Nawonso mayina a opanga ali ndi mbiri zawo. Christys' inayamba ku London mu 1773, Giuseppe Borsalino anatsegula fakitale yake ku Alessandria m'dziko la Italy mu 1857, John B. Stetson anayamba ku Philadelphia mu 1865. Matauni a Stockport ndi Denton, pafupi ndi Manchester, ankapanga zipewa zochuluka zotumiza kumaiko onse olamulidwa ndi Britain, ndipo Battersby ndi limodzi mwa mayina a ku Stockport amene ankadziwika kum'mwera kwa Africa.

Kusaka: m'sutikesi ndi pakaunjika

Ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene amasunga zipewa zakale makumimakumi. Amazigula kwa ogulitsa zinthu zakale ndi pa intaneti, amazindikira zaka zake poyang'ana zilembo za m'kati, ndipo amakhulupirira kuti felt ya zaka za m'ma 1940 ndi 1950 ndi yothinana bwino kuposa yambiri ya masiku ano. Zipewa zimenezi zinachuluka pamsika chifukwa kuyambira m'ma 1960 amuna a kumaikoko anayamba kuyenda mitu ili pamtunda, mafakitale ambiri n'kutsekedwa.

Wa ku Nguludi ali ndi migodi iwiri yokumbamo. Woyamba ndi sutikesi ya agogo, ija imakhala kunsi kwa bedi pamodzi ndi chiphaso cha Theba, makadi akale a msonkho ndi zithunzi zachikasu. Wachiwiri ndi kaunjika. M'mabelo otsegulidwa mumsika wa Limbe ndi m'misika ya m'maboma nthawi zina mumatuluka chipewa chaubweya chophwanyika ngati chitumbuwa chopondedwa. Wogulitsa amachiona ngati chotsalira, pamene wodziwa amaona kuti nthunzi ingachidzutse.

Pogula pamafunika maso ndi zala, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Wodziwa amayamba wachitembenuza. Pa chikopa cha m'kati opanga ankadinda dzina lawo ndi zilembo zagolide, nthawi zina pamodzi ndi dzina la sitolo imene inachigulitsa. Akapinda chikopacho amatha kupeza kapepala ka saizi ndi manambala a kufakitale. Mawu akuti fur felt amatanthauza ubweya wa kalulu kapena beaver, pamene wool felt ndi wa nkhosa. Kenako amachiyang'anitsa kudzuwa kuti aone ngati njenjete zinaboola. Amachisisita: chabwino chimamveka chosalala ndi chothinana, ndipo ukachibonya pang'ono chimabwerera. Amayang'ananso kutsogolo, pamene eni ake ankatsina pochivula, chifukwa m'pamene felt imayambira kung'aluka. Kubonyoka, fumbi ndi riboni yothaitha zimakonzeka. Bowo ndi mng'alu sizikonzeka bwinobwino.

Saizi imayezedwa ndi tepi ya telala, kuzunguliza mutu pamwamba pang'ono pa makutu ndi nsidze. Amuna ambiri amagwera pakati pa masentimita 56 ndi 60. Chipewa cha ku America cholembedwa 7 1/8 ndi cha mutu wa masentimita 57.

Nthunzi ya m'ketulo

Zida zokonzera chipewa chakale zimapezeka pafupifupi m'nyumba iliyonse: ketulo, bulashi yofewa, nsalu yoyera, singano, ulusi ndi simbi. Chosowa kwambiri ndi kuleza mtima, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ntchito imayamba ndi bulashi, chipewa chili chouma. Amapukuta mozungulira mbali imodzi, motsutsana ndi kayendedwe ka mivi ya wotchi, kutsata mmene ubweya unagonera. Pamene pali banga la mafuta a m'tsitsi amathirapo pawudala wa ana kapena ufa wosalala wa chimanga, n'kuusiya usiku wonse kuti uyamwe mafutawo, m'mawa n'kuukuntha ndi bulashi. Chipewa chaubweya sachinyika mubeseni la sopo ngati malaya. Chimatuluka chitafinyana ndipo sichibwereranso.

Kenako pamabwera nthunzi. Ketulo ikawira pambaula, wokonzayo amayandikiza mbali yophwanyikayo ku mlomo wa ketulo, patali ngati chikhatho chimodzi, kwa kanthawi kochepa. Kutentha ndi chinyezi zimafewetsa shellac uja, felt n'kuyamba kumvera zala. Amakankha kuchokera m'kati mpaka pamwamba pake patukuka ngati mphika wovundikira, ndiyeno amaumba mwatsopano: mzere umodzi pakati, kapena kubonyoka konga dontho la madzi, ndi kutsina kuwiri kutsogolo. Chikazizira chimauma m'maonekedwe amenewo. Akapanda kukhutira amabwerezanso, chifukwa felt yabwino imalola kuumbidwa kambirimbiri. Chofunika kusamala ndi chikopa cha m'kati: nthunzi ikachilowa chimakwinyika n'kusweka, choncho amatenthetsa kunja kokha.

Khonde lopindikapindika amaliyala patebulo, n'kuikapo nsalu yonyowa pang'ono ndi kudinda ndi simbi yosatentha kwambiri. Simbi isakhudze felt mwachindunji, ndipo wogwiritsa ntchito yamakala ayang'anire phulusa ndi timakala togwa, pakuti kamodzi kokha kamasiya bowo.

Chipewa chikakula, amapinda tizidutswa ta nsalu kapena ta pepala n'kutilowetsa kuseri kwa chikopa. Chikathina pang'ono, nthunzi ndi chikombole chamtengo zimachitanula, koma pang'ono pokha. Kukakamiza kumadula ulusi wa chikopacho. Mmisiri wa matabwa kapena wosema mitondo angathe kusema chikombole chotere atapatsidwa muyezo wa mutu. Riboni yatsopano ndi ntchito ya telala wa pakhonde kapena aliyense wodziwa singano. Amaimanga ndi timisoko towerengeka tobisika, osati guluu, amene amalowerera mu ubweya n'kusiya banga losachoka. Chikopa chophwanyika angachisinthe wosoka nsapato wa dzanja lofewa, pogwiritsa ntchito chikopa chopyapyala cha mbuzi kapena nkhosa.

Mdani wamkulu kuno ndi kasungidwe. Chipewa chovumbwa amachitulutsa chikopa kunja n'kuchiumika pamthunzi, osati padzuwa kapena pafupi ndi moto. Pochiika pansi amachigoneka chagada, khonde lili m'mwamba, kuti lisaphwatalale. Kuchikoleka pamsomali miyezi yambiri kumachisiyira chotupa. Kuchimanga mujumbo nthawi ya dzinja kumaitana chuku. Katoni youma, yoikidwa pamwamba patali ndi makoswe, mphemvu ndi njenjete, ndiyo nyumba yake yabwino, ndipo chizitulutsidwa kawirikawiri kuti chipitidwe mphepo. Pochivula ndi pochivala, dzanja ligwire khonde, osati potsina paja.

Sizasi iyambe yadikira

Pakati pa okonda zipewa pali kusiyana maganizo pa nkhani ya kusintha. Ena amati chipewa ndi chovala, mwini wake achite nacho zimene akufuna: adule khonde kuti fedora isanduke trilby, asinthe mtundu wa riboni, alowetsepo nthenga ya nkhanga monga amachitira ovina malipenga ndi beni potchena. Ena amati chinthu chimene chapulumuka zaka makumi asanu ndi limodzi chisaonongedwe chifukwa cha fasho ya chaka chimodzi.

Malire abwino ndi osavuta kuwaona. Kuumba ndi nthunzi kumabwezeka. Riboni ingasinthidwe, yakaleyo n'kusungidwa. Koma khonde likadulidwa silimeranso, ndipo chikopa chodindidwa dzina la wopanga chikatayidwa, chipewacho chataya chiphaso chake. Cha pakaunjika, chimene mwini wake woyamba sadziwika, munthu angaphunzirirepo, kudula ndi kuyesa mmene angafunire. Cha agogo amene anachigula ndi malipiro a pansi pa mgodi n'china. Mzere wa thukuta umene uli pa chikopa chake ndi wa munthu wodziwika dzina, mudzi ndi mfumu yake.

Zambiri mwa zipewa zotere zikutha mwakachetechete. Mwini wake akamwalira, pogawa zovala pambuyo pa maliro achinyamata amalimbirana jekete ndi nsapato, wilisoni n'kutsala. Mawa lake ana akuseweretsa, mkuja chavekedwa pa chidole choopsezera mbalame kumunda. Mabuku ndi makalata a nthawi ya atsamunda ali ndi kosungidwa, ku National Archives ku Zomba ndi ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House, ndipo zipangizo zakale zili ku Chichiri Museum. Koma katundu wa anthu wamba amene anapita ku Joni ndi ku Halale ali m'manja mwa mabanja okha.

Amuna amene anakwera ndege za Wenela asanafike 1974 tsopano apitirira zaka makumi asanu ndi awiri, ndipo akuchepa chaka ndi chaka. Amene akali ndi agogo otere kunyumba akhale nawo pansi, awafunse kuti chipewacho anachigula tauni iti, chaka chanji, ndalama zingati, ndiponso anachivala koyamba pa mwambo wanji. Mayankhowo awalembe papepala n'kuliika m'katoni momwemo pamodzi ndi chipewacho. Akatero achipukute, achidzutse ndi nthunzi, ndipo pa 15 Januwale, pamene dziko limasonkhana ku PIM kukumbukira John Chilembwe, achivale popita ku Mbombwe.